Girini wotani angayenderane ndi wallpaper wa masamba? Yankho kwa mayi a ku Nchalo

"Zikomo bambo. Ine ndimakhala ku Nchalo, ndipo nyumba yathu tinamaliza kumanga chaka chatha. Mwezi wathawu ndinagula wallpaper ku Limbe, mipukutu itatu, kuti ndimate khoma limodzi la pabalaza, kumbuyo kwa sofa. Pepalalo ndi la kirimu, lili ndi masamba akuluakulu obiriwira kwambiri, timasamba tina totuwirako, ndi timaluwa tofiirira apa ndi apo. Makoma atatu otsalawo ndikufuna akhale obiriwira. Wopenta anabwera ndi girini amene pakhadi ankafanana ndendende ndi masamba akuluakuluwo, koma atangopaka mbali imodzi ndinamuimitsa. Akuwala moboola m'maso, ndipo bambo a kunyumba akuti pabalaza pakuoneka ngati pachipatala. Pansi ndi pasimenti yofiira ya polishi, mawindo aakulu ayang'ana kumadzulo. Kodi ndingosiya za girini? Ngati ayi, ndisankhe wotani? Ndalama yapita kale pa chitini chimodzi, sindikufuna kulakwitsanso."

Mayi, mtima m'malo, ndipo girini musamusiye. Munachita bwino kumuimitsa wopentayo atangopaka mbali imodzi. Ambiri amachita manyazi, amangoyang'ana mpaka chipinda chonse chitatha, kenako n'kukhala zaka ndi mtundu umene sukuwasangalatsa. Maso anu sanakunamizeni, nawonso abambo akunena zoona. Koma cholakwika si girini ayi. Cholakwika ndi malo amene munamutenga papepalapo, ndipo zimenezo n'zokonzeka.

Amene anajambula pepala lanulo anaika girini wamphamvu pa masamba akuluakulu akudziwa kuti tsamba lililonse lizunguliridwa ndi kirimu. Kirimuyo ndi amene amaziziritsa mphamvuyo. Mukautenga mtundu womwewo n'kuuyala pakhoma lathunthu, palibenso chouziziritsa. Mtundu uliwonse umakula mphamvu ukakhala pamalo aakulu, n'chifukwa chake kakhadi ka musitolo kamanyenga. Ndiye onjezerani ichi: makoma atatu amaponyerana kuwala. Kuwala kochoka pakhoma lobiriwira kukagwera pakhoma lina lobiriwira, girini amachita kuwirikiza, makamaka m'makona. Palinso china. Inki ya papepala ndi penti wa m'chitini sizingafanane ndendende, ngakhale wosakaniza akhale katswiri bwanji, ndipo tsamba limodzi papepalapo limakhala ndi magirini angapo osanjikizana amene diso limawaphatikiza mukaima patali. Mitundu iwiri ikafanana pang'ono koma osafika, munthu wolowa m'nyumba amaona ngati mwaphonya. Ikasiyana moonekera, amaona kuti munachita kusankha. Ndipo ngakhale mukanakwanitsa kufananitsa, masamba amene munawakonda musitolo aja akanamira, chifukwa akanakhala akulimbirana diso ndi makoma atatu.

Tsono chitani izi. Tambasulani mpukutu umodzi, wina augwire pakhoma la kumbuyo kwa sofa, inu mukaime pakhomo n'kutsinzina pang'ono kuti zinthu zioneke mwachimbuuzi. Masamba akuluakulu aja adzatsala akuonekabe. Amenewo asiyeni, ndi eni ake a chipindacho. Yang'anani zimene zikuzimirira: timasamba totuwirako mwanena tija. Girini wa makoma anu ali pamenepo. Ndakhala ndikupenta nyumba zaka zambiri, ku Blantyre ndi kuno kuchigwa, ndipo pepala lililonse la masamba limene ndinagwirapo linali ndi girini wina wofatsa wobisala kumbuyo kwa wamphamvuyo. Mukamupeza pakhadi la mitundu, musatenge iye mwini. Tsikani masitepe awiri kupita kowala pamzere womwewo, ndipo pakati pa awiri oyandikana sankhani wotuwirako. Pakhadi adzaoneka wozizira, mwinanso mudzati ameneyu ndi gireyi chabe. Pakhoma adzadzuka.

Mawu oti girini amabisa mitundu yambiri, ndiye tiyenera kumvana bwino. Pali girini wopendekera kuchikasu, monga tsamba lanthete la nthochi. Pali wopendekera kubuluu, monga masamba a bulugama. Pali wotuwa wosakanikirana ndi khofi pang'ono, monga khungu la malambe lisanasweke. M'masitolo mudzamva mayina oti olive (wosakanikirana ndi chikasu ndi khofi), sage (wotuwirako), mint (wowala, wopendekera kubuluu) ndi ena otero. Chimene chikuuzeni mbali yoti mupite ndi mtundu wa pansi wa pepalalo, osati masamba. Tengani pepala loyera la m'kope n'kuligundanitsa ndi kirimuyo. Akaoneka wachikasu kapena wofiirira pafupi ndi loyeralo, ndiye kuti pepala lanu ndi lofunda, ndipo likufuna girini wofunda, sage wopendekera kuchikasu kapena olive wowala. Likanakhala loyera mbuu kapena lagireyi, ndikanakuuzani kuti wopendekera kubuluu akhoza. Koma pafupi ndi kirimu, girini wa buluu amachititsa pepala latsopano kuoneka ngati lakalamba ndi utsi. Mint ndiye mupeweretu. Ameneyo, makamaka akakhala wonyezimira, ndi amene abambo akumukumbukira m'makonde a zipatala ndi m'makalasi. Dziwaninso kuti dzina limodzi limatha kutanthauza mitundu yosiyana ku makampani awiri, choncho mukasankha lembani nambala ya pakhadi ndi dzina la kampani, osati dzina la mtundu lokha.

Pansi panu pofiira ndi mbali yaikulu ya nkhaniyi, ndipo ndikukhulupirira kuti theka la kuboola m'maso kuja likuchokera pamenepo. Wofiira ndi wobiriwira ndi mitundu yotsutsana. Ikakhala pafupi, uliwonse umaukulitsa unzake: girini amaoneka wobiriwira kuposa mmene alili, simenti nayo imafiira kuposa kale. Komanso polishi amabweza kuwala, ndiye madzulo dzuwa likagwera pansipo, kufiira kumakwera m'munsi mwa khoma n'kulidetsa ngati lachita matope. Girini wotuwirako amapirira zimenezi chifukwa m'kati mwake muli kale kadontho ka wofiira kapena khofi. Thandizo lina ndi skirting, mzere uja wa m'munsi mwa khoma. Musaipake yakuda kapena yofiira monga tinazolowera. Ipakeni kirimu wofanana ndi wa papepala kuti pakhale malire pakati pa pansi ndi khoma. Mkeka wa mlaza kapena kapeti yosawala pakati pa chipinda imachepetsanso kufiirako. Ndipo muli ndi mwayi, mayi: timaluwa tofiirira tija tikugwirizana kale ndi simenti yanu. Pepala limenelo munasankha bwino, kaya munadziwa kapena ayi.

Tibwere ku kuwala. Khadi munaliona musitolo ku Limbe kapena m'manja mwa wopenta, koma penti akakhala ku Nchalo, ndipo dzuwa la kuno ndi lina. Ukangotsika Thabwa umaliona kusiyana kwake. Chipinda choyang'ana kumadzulo chili ndi nkhope ziwiri. M'mawa chimakhala chamthunzi ndipo girini amaoneka wotuwa, wozizira. Kuyambira cha m'ma 2 koloko dzuwa limalowa molunjika, ndipo likamapendeka limasanduka lachikasu kenako lofiirira. Girini amene ali kale ndi chikasu chambiri amafika poyaka nthawi imeneyo. N'chifukwa chake ndikuti apendekere kuchikasu pang'ono chabe, koma kutuwa kukhale kochuluka. Ngati panja pa windo pali mtengo wa nimu kapena wa mango, monga zilili pamakomo ambiri kuno, kuwala kodutsa m'masambawo kumabwera kale kobiriwira, ndiye khoma lidzaoneka lobiriwira kuposa pakhadi. Usiku nawo uli ndi zake. Mababu a LED amalembedwa nambala pabokosi: olembedwa 6500K amawala moyera mopendekera kubuluu, ndipo nyali zambiri za sola zili m'gulu limeneli, olembedwa 2700K kapena 3000K amawala mofunda. Babu la 6500K limatha kusandutsa sage wabwinobwino kukhala girini wa pachipatala yemwe uja. Pabalaza panu ikani la 3000K, ndipo muligule musanasankhe penti, kuti muyesere mtundu pa kuwala kumene muzikhala nako.

Kuyesako n'kofunika kuposa malangizo anga onse. Dulani kachidutswa ka pepalalo kokhala ndi kirimu, tsamba lalikulu, katsamba kotuwa ndi kaduwa, mupite nako kumene amasakaniza penti ndi makina. Chithunzi cha pafoni musachidalire, kamera imasintha mitundu ndipo foni iliyonse imaonetsa mwakemwake. Sankhani magirini atatu, mugule tizitini ting'onoting'ono ta lita imodzi ngati akulola. Musawapake pamwamba pa girini wakale uja, chifukwa adzasokoneza diso. Pezani makatoni atatu aakulu kapena mabolodi, theka la mita mbali zonse kapena kuposerapo, muyambe mwawapaka oyera, kenako girini kawiri. Dikirani aume bwinobwino, popeza penti wa madzi amasintha akauma. Ndiye muziwasuntha: pakona pamene khoma lopenta lidzakumane ndi pepala, pansi pafupi ndi simenti, pambali pa windo, ndi pakhoma loyang'anizana ndi windo. Muwaone m'mawa, masana, cha m'ma 4 koloko, ndi usiku babu litayaka. Masiku awiri kapena atatu akwana. Abambo akhalepo pamene mukuyang'ana, makamaka madzulo ndi usiku, nthawi imene amakhala pabalazapo. Amene angakusangalatseni nthawi zinayi zonsezo ndi ameneyo, ngakhale atakhala kuti sanali woyamba kukukopani.

Nanga chitini munagula kale chija? Sichinatayike. Ngati ndi penti wa madzi, wopenta wodziwa ntchito angathe kumufatsitsa pothiramo woyera wambiri wa mtundu womwewo wa penti, ndi timadontho ta wofiira kapena khofi kuti atuwe. Koma ndikuchenjezeni. Girini wamphamvu amamwa woyera wambiri asanafatse, mwina kuposa amene mukanagula mwatsopano, ndipo mtundu wosakaniza pamanja simungaupezenso ukakutherani khoma lili pakati, kapena mwana akadzalemba pakhoma chaka chamawa. Mukasankha njira imeneyi, sakanizani wokwanira chipinda chonse nthawi imodzi mundowa yaikulu, ndipo musungeko lita imodzi m'botolo lotseka bwino. Ine ndikanakhala inu, chitinicho ndikanachipititsa kukhitchini, kusitolu kapena pakhoma lalifupi la pakhonde pamene mtundu wamphamvu suvuta, pabalaza n'kugula wosakaniza ndi makina wokhala ndi nambala yake. Mbali imene yapakidwa kale ija iyambe yaphimbidwa ndi undercoat yoyera, apo ayi girini wakaleyo azidzasuzumira pansi pa watsopano ndipo khoma limenelo lidzasiyana ndi anzake.

Tsopano ndikufuna tikambe zimene simunafunse, chifukwa kuno kuchigwa n'zimene zimagwetsa ntchito zambiri zokongola: khoma lenilenilo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pepala lomata pakhoma lachinyezi ndi mkuyu weniweni. Madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi ali pafupi, ndipo m'malo ambiri ndi amchere, monga aliyense womwa madzi a m'mijigo ina ya kuno akudziwira. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anakhathamiritsa nthaka ndi makoma m'madera ambiri. Njerwa imamwa madzi kuchokera pansi n'kuwakweza m'mwamba. Madziwo akauma pankhope ya khoma amasiya mchere, ndipo mcherewo ndi umene umatukusira penti n'kufumbutsa pulasitala. Ngati pomanga anagwiritsa ntchito madzi kapena mchenga wamchere, vutoli limatha kuoneka ngakhale m'nyumba yatsopano imene sinaonepo madzi osefukira.

Yendani m'mbali mwa makoma onse anayi, mukuyang'ana kuyambira pansi kufika m'chiuno. Fufuzani ufa woyera ngati mchere, mzere wodera wokhotakhota, penti wotupa, kapena pulasitala woyoyoka mukamukanda ndi chikhadabo. Ngakhale musaone kanthu, yesani ndi pulasitiki. Dulani pulasitiki yoonekera m'kati, theka la mita mbali zonse, muimate pakhoma m'munsi ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, muisiye masiku awiri. Mukapeza timadontho kumbali yoyang'ana khoma, kapena khoma ladera pamenepo, ndiye kuti muli chinyezi, ndipo pepala lisamatidwe. Mayeso amenewa amanena zoona kwambiri nthawi ya mvula kapena itangotha. Mu Okutobala khoma lililonse kuno limaoneka louma, n'kudzakutembenukirani mu Febuluwale. Mufunsenso amene anakumangirani ngati anaika DPC, pulasitiki yakuda ija imene imayalidwa pamwamba pa maziko njerwa zisanakwere. Mchere mukaupeza, uchotseni ndi burashi youma. Musautsuke ndi madzi, chifukwa umasungunuka n'kubwerera m'khoma, kenako n'kutulukanso.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pamenepa n'chakuti mapepala ambiri ogulitsidwa masiku ano ali ndi khungu la pulasitiki pamwamba. N'zabwino popukuta, koma khoma silipuma. Chinyezi chimatsekeredwa kumbuyo, nkhungu n'kumera mumdima, inu n'kudzazindikira pamene m'nyumba mwayamba fungo, kapena madontho akuda atulukira m'mizere yolumikizira. Nkhungu imeneyo si yabwino kwa ana ndi kwa aliyense wa mphumu. Ngati khoma la kumbuyo kwa sofa ndi lam'kati, logawa zipinda, muli pabwino. Ngati ndi lakunja, makamaka lowombedwa ndi dzuwa la masana kapena mvula, ganizirani zosuntha sofa. Khoma lakunja kuno limatentha mpaka usiku, popeza masana kunja kumatha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kutentha kumeneko kumafewetsa guluu. Khoma loyang'anizana ndi windo la kumadzulo nalonso lili ndi vuto lake: dzuwa likamafika papepala tsiku ndi tsiku, inki imasuluka, ndipo kawirikawiri chikasu ndicho chimayamba kuthawa, masamba n'kutsala abuluu. Makatani okhuthala otseka masana amateteza pepala ndi penti yemwe.

Simunanene ngati pepala lanu ndi lomata lokha, losenda kumbuyo, kapena lofuna guluu wopaka. Lomata lokha ndi losavuta kuika koma ndi limene limafulumira kumatuka m'makona kukatentha, ndipo limafuna khoma losalala kwambiri, lopanda fumbi. Ngati ndi lofuna guluu, gulani guluu wake weniweni wa wallpaper, wolembedwa kuti ali ndi mankhwala oletsa nkhungu. Wina asakunyengeni kuti phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu limagwira chimodzimodzi. Kugwira limagwiradi, koma mwaitana mphemvu ndi chiswe, ndipo chiswe cha kuno sichifuna kuitanidwa kawiri. Onaninso nambala ya batch pa mipukutu itatuyo, ikhale imodzi. Mipukutu yosindikizidwa nthawi zosiyana imasiyana mtundu pang'ono, ndipo pakhoma zimaonekera. Za kuchuluka kwake, mpukutu wofala umakhala wa masentimita 53 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Khoma la mamita 4 limafuna mizere 8, ndipo ngati kutalika kwa khoma ndi mamita 2.7, mpukutu umodzi umapereka mizere itatu, poganizira zotayika polumikiza masamba. Ndiye itatu ikukwana, koma popanda mpata wolakwitsa kawiri. Ngati khoma lanu ndi lalitali kuposa apo, kapena mipukutu yanu ndi yopapatiza ya masentimita 45, thamangani mukagule wina batch imeneyo isanathe.

Penti amene mugule akhale wa madzi, acrylic wopukutika, wonyezimira pang'ono chabe, amene ena amamulemba silk kapena sheen. PVA wotsika mtengo amaoneka bwino sabata zoyamba, koma kuno fumbi la chilimwe ndi phulusa lakuda la nzimbe nthawi yodula zimafuna khoma loti muzitha kulipukuta ndi kansalu konyowa, ndipo PVA wotchipa amachoka ndi kansaluko. Gloss wa mafuta pakhoma la pabalaza ayi. Amabweza dzuwa la madzulo m'maso, amaonetsa chilema chilichonse cha pulasitala, ndipo pakhoma lachinyezi amatupa matuza. Pali chifukwa chinanso chachikulu. Penti wa mafuta wa mitundu yowala, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, ndi amene kuyambira kale ankaikidwa mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana aang'ono ngakhale utakhala wochepa. Malire amene mabungwe a United Nations amalimbikitsa ndi 90 ppm, kutanthauza magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi a penti. Pogula penti wa mafuta wa zitseko ndi mafelemu, fufuzani chitini cholembedwa kuti mulibe mtovu komanso chokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo pewani wogulitsidwa m'mabotolo opanda dzina.

Pa kuchuluka, tiyerekeze kuti pabalaza panu ndi mamita 4 kwa 5. Makoma atatu otsalawo, tikachotsa chitseko ndi mawindo, ndi masikweya mita pafupifupi 32. Kupaka kawiri ndi 64. Lita imodzi ya penti wabwino imafika masikweya mita 8 mpaka 10 pakhoma losalala, ndiye zitini ziwiri za malita 5 zikukwanirani n'kutsalako wokonzera mtsogolo. Zitini ziwirizo muzithire mundowa imodzi n'kutakasa musanayambe, chifukwa ngakhale makina amasiyanitsa pang'ono. Wopenta asathire madzi opitirira amene alembedwa pachitini. Chizolowezi chosungunula penti kuti achuluke ndicho chimabweretsa mizeremizere, ndipo pa girini imaonekera kuposa pa kirimu. Madzi akewo akhale a pampopi kapena a mvula, osati a mjigo wamchere. Ngati pulasitala sanapakidwepo chilichonse, ayambe ndi plaster primer, penti woyambira pa pulasitala, chifukwa simenti ili ndi ukali umene umadya mtundu, ndipo pamene pazigambidwa ndi simenti yatsopano padikire pafupifupi milungu inayi. Ngati khoma linapakidwa laimu, apale kaye n'kupaka bonding liquid, mankhwala olimbitsa nkhope ya khoma kuti penti agwire, apo ayi penti ndi pepala zidzagwira ufa m'malo mwa khoma.

Ntchito iyambe m'mamawa. Kukatentha penti amauma rola isanabwerere, ndipo pamene mbali youma yakumana ndi yaiwisi pamatsala mzere. Khoma limodzi alimalize osapumira pakati, ndipo dzuwa likayamba kulowa pawindo aweruke. Ayambe siling'i, kenako makoma, kenako skirting ndi mafelemu, pepala likhale lomaliza. Girini akhotere pakona kulowa kukhoma la pepala masentimita awiri kapena atatu, kuti ngati kona si yowongoka pasaoneke kamzere koyera. Khoma la pepalalo lipakidwe primer, ndipo ndi bwino ikhale yoyandikira kirimu, kuti mizere yolumikizira ikadzatseguka pang'ono ndi kutentha isaoneke.

Mwina mukufunsa ngati girini wakuda, wozama, sangakhale bwino, popeza pazithunzi za pa intaneti amaoneka waulemu kwambiri pafupi ndi mapepala a masamba. Amakhaladi bwino, koma m'chipinda chachikulu chokhala ndi nyali zambiri. Kuno masana timatseka makatani pothawa dzuwa, usiku magetsi akazima timadalira kanyali kamodzi, ndiye makoma atatu akuda angachititse pabalaza kukhala ngati m'phanga, ndipo fumbi limaonekera kwambiri pa mtundu wakuda. Ngati mtima ukufunabe wozamayo, muikeni pa mapilo a sofa, pa kabati kapena pa chitseko. Pamenepo ndi pamene girini wa masamba akuluakulu aja ayenera kubwereranso, pang'onopang'ono. Siling'i ikhale yoyera mofunda, makatani a kirimu opanda maluwa, chifukwa pepala lanena kale zambiri. Ndipo ngati abambo ataona makatoni atatu aja akukanabe, pali njira yapakati imene ndaiona ikugwira bwino: makoma awiri opanda mawindo akhale sage, khoma la mawindo likhale kirimu. Khoma la mawindo limakhala mumthunzi nthawi zonse, ndiye kirimu amalipepukitsa.

Kusankha mtundu mungathe nokha ndi njira ndafotokozayi. Kumata pepala la masamba akuluakulu ndiye ndikupemphani mupeze munthu amene anamatapo, ndipo mukaone ntchito yake ndi maso, makamaka m'makona ndi polumikiza. Si wopenta aliyense amadziwa ntchito imeneyi, ndipo mipukutu yanu ilibe yapadera. Pulasitiki ija ikaonetsa madzi, kapena mchere ukamabwerera mutauchotsa, imitsani zonse muitane mmisiri womanga aone kumene madzi akuchokera. Nthawi zina ndi zazing'ono, monga dothi la panja lokwera kupitirira DPC, madzi a padenga ogwera m'mbali mwa khoma popanda ngalande, kapena paipi yodontha kuseri. Nthawi zina pamafunika kugumula pulasitala wa m'munsi n'kuika wina wothira mankhwala oletsa madzi. Mukaona ming'alu yodutsa m'njerwa, yoti ndalama yachitsulo n'kulowa, kapena yomwe ikukula, chimenecho si cha wopenta. Dothi lakuda la makande la kuno limatupa ndi mvula n'kunyala ndi chilimwe, ndipo maziko ayenera kuonedwa ndi munthu wodziwa zomangamanga musanawononge ndalama pa zokongoletsa. Timizere ta dothi ta chiswe m'mbali mwa skirting tikufuna wothira mankhwala pepala lisanafike pakhoma. Ndipo ngati pali penti wakale wa mafuta woti apalidwe pa zitseko kapena mafelemu ogula kaunjika, asamukweche wouma ndi sandpaper ana ali pafupi. Anyowetse kaye, atsegule mawindo, ndipo fumbilo likolopedwe, lisasesedwe.